Kuwerenga mphepo m'chigwa cha Domasi

Mukachoka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, mapiri awiri amakuperekezani kudzanja lamanzere. Loyamba ndi la Zomba, lachiwiri ndi la Malosa. Pakati pake pali chigwa chimene mtsinje wa Domasi umatsikiramo pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. M'mbali mwa mtsinjewu muli minda ya chimanga, nthochi ndi mango, ndipo mukakweza maso mumaona tchire la udzu likukwera mpaka m'matanthwe. Pamwamba pa phiri la Zomba, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, pali nkhalango za paini zobzalidwa.

Ife amene timayenda m'makomo kukamba za umoyo timamva dandaulo limodzi m'chigwachi chaka ndi chaka: chimfine chosatha. Mwana amayetsemula kakhumi atangodzuka, mamina ali chuchuchu ngati madzi, maso ofiira ndiponso oyabwa, koma thupi silitentha. Chimfine chenicheni chimatha pakadutsa sabata imodzi kapena masiku 10. Ichi chimakhala milungu, n'kutha chokha, n'kudzabweranso miyezi yomweyo chaka chamawa. Nthawi zambiri chimenechi chimakhala chiwengo, ndipo chimodzi mwa zochiyambitsa ndi mungu, kaufa kamene zomera zimatulutsa kuti zibereke.

Anthu ambiri amaloza chala maluwa okongola. Koma maluwa a mitundu yowala ndi onunkhira amadalira njuchi ndi tizilombo tina, choncho mungu wake ndi womata ndipo suuluka kwambiri. Wovuta ndi wa zomera zimene zimadalira mphepo, makamaka udzu. Ngakhale mungu wachikasu wa paini, umene umaonekera pa madzi ndi pa magalasi a galimoto nyengo yake ikafika, suwenga anthu ambiri ngati wa udzu umene maso sauona.

Chigwachi chili ndi kalendala yake. Mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chimamasula ngayaye. Mungu wake ndi wolemera, umagwa pafupi ndi munda, motero umavutitsa kwambiri amene akugwira ntchito m'mizere mame atangouma. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo udzu wa m'tchire umachita maluwa, ndipo imeneyi ndiyo nyengo yowawa kwa ambiri. Chiperoni chikafika mu Juni ndi Julaye mungu umachepa, koma mphepo yozizira ndi utsi wa moto wowotha m'nyumba zimadzutsa mphumu. Kuchokera Ogasiti mpaka Okutobala mitengo yambiri imachita maluwa, tchire limapsa, akamvuluvulu amanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa. Mpweya umayera pokhapokha chizimalupsa chikagwa.

Chimene chimasiyanitsa chigwa ndi malo a chidikha ndi kayendedwe ka mpweya. Tikalawira m'mawa wopanda mphepo n'kukwera pang'ono m'mbali mwa phiri, timaona utsi wa m'makhitchini utagona chopingasa pamwamba pa midzi, osakwera kumwamba. Usiku mpweya wa m'phiri umazizira, umalemera, n'kutsetsereka kukakhazikika pansi m'chigwa, ndipo wofundirako umakhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika. Utsi, fumbi ndi mungu zimene zili pansipo zimasowa kothawira mpaka dzuwa litatenthetsa nthaka. Masana mphepo imatembenuka, imayamba kukwera phiri itanyamula za m'minda. Utsi wa m'mawawo ndi chizindikiro chaulere: ukagona, dziwani kuti zimene zikuuluka mumpweya zagonanso.

Kumaiko ena mungu amachita kuuwerenga. Padenga amaika makina amene amakoka malita 10 a mpweya pa mphindi iliyonse, n'kuwombetsa mpweyawo pa tepi yomata. Akatswiri amaika tepiyo pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono n'kuwerenga njere za mungu, mtundu ndi mtundu. Ku South Africa, kuyambira mu 2019, ntchito yotereyi yakhala ikuchitika m'mizinda ingapo monga Cape Town ndi Johannesburg motsogozedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town, ndipo zotsatira zake amazilengeza sabata ndi sabata. Akaphatikiza chiwerengerocho ndi zanyengo, amatha kuchenjeza anthu za masiku ovuta amene akubwera.

Banja la m'chigwa likhoza kulosera m'njira yomweyo pogwiritsa ntchito maso ndi wailesi. Funso loyamba n'lakuti, n'chiyani chikuchita maluwa panopa? Lachiwiri, a zanyengo anena zotani za mawa? Tsiku louma, lotentha ndi la mphepo pamene udzu uli ndi maluwa ndi tsiku loipa. Mvula yamvumbi imatsuka mpweya ndipo tsiku lotsatira limakhala lopepuka. Koma chenjerani ndi mphepo yamkuntho imene imatsogolera mvula ya mabingu, chifukwa imasesa mungu n'kuugwetsera pansi nthawi imodzi. Pa 21 Novembala 2016, mumzinda wa Melbourne ku Australia, mvula yotere inagwa m'nyengo ya mungu wa udzu. Anthu zikwizikwi anathamangira kuzipatala akubanika, ndipo 10 anamwalira.

N'chifukwa chake timalimbikitsa makolo kusunga kope. Tsiku lililonse limene mwana wavutika, lembani deti, mmene kunja kunachera ndi kumene anasewera. Pakatha chaka kopelo limakhala litakuuzani miyezi yake yoopsa, ndipo a dokotala amathandizidwa kwambiri mukapita nalo. Miyeziyo ikayandikira, onetsetsani kuti mankhwala opopera mkamwa a wodwala mphumu alipo ndipo sanathe mphamvu. Wodwalayo asatumidwe kukamweta udzu kapena kukatentha zinyalala. Akabwera kumunda asambe kumaso, atsuke m'mphuno ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere pang'ono, asinthe zovala asanagone. Zofunda zoyanika panja muzikutumule musanalowe nazo m'nyumba. Mankhwala opha mabakiteriya sachiza chiwengo, choncho musataye ndalama kugula makapisozi pagolosale.

Si chifuwa chilichonse chimene chimachokera ku mungu. Thupi likatentha, kayezetseni malungo. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kayezetseni TB. Ndipo mwana akamapuma movutikira, pachifuwa pakulira ngati kherere, nthiti zikulowa mkati, akulephera kumaliza chiganizo osapumira, musadikire kuti kuche. Mupatseni mankhwala ake opopera ndipo nyamukani naye nthawi yomweyo kupita kuchipatala chapafupi.