Phiri la Nkhoma Litiphunzitsa Kuyamika

Munthu akachoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza, nakhota pa Kamphata kulunjika kum'mawa, sachedwa kuona phiri la Nkhoma litaima patsogolo pake. Patsinde pake pali mishoni: tchalitchi cha njerwa, chipatala, sukulu ndi nyumba zakale zamakonde. Alendo ambiri amathera pomwepo. Koma wofuna kuwamvetsa bwino malowa ayenera kukwera phiri.

Chikweza chake nchotopetsa, ndipo pena munthu amachita kugwira miyala ndi manja. Thukuta likayamba kutsika, mpomwe amakumbukira kuti kale anthu a mfumu Mazengera ankakhala m'phiri lomweli. Sanakwereko chifukwa chokonda kamphepo kayaziyazi ayi, koma anathawa nkhondo za Angoni. Nthaka yabwino inali kunsi, komabe wotsika kukalima sankadziwa ngati abwerako wamoyo. Usiku galu akauwa, tulo tinkathera pomwepo.

M'chaka cha 1896 Abusa T.C.B. Vlok anadzatsegula mishoni patsinde pa phirili, patapita zaka 7 chiyambire ntchito ya Uthenga Wabwino ku Mvera mu 1889. Nkhondo zitatha, anthu anatsika pang'onopang'ono namanga midzi yawo m'chigwa.

Lero ukaima pamwamba umaona midzi imeneyo ili mbwee, utsi ukufuka m'makhitchini, ana akupita kusukulu, amayi akuchokera kumjigo opanda wowaperekeza ndi uta. Zimene makolo aja ankazilira usana ndi usiku, ife tikuziyesa zinthu wamba. Kodi ndi angati mwa ife amene anadzuka lero nayamika Mulungu chifukwa chogona mwamtendere m'nyumba zawo?

Potsika, nkwabwino kudzera kuchipatala, chimene chinayamba m'chaka cha 1915 ndipo chinatchuka ndi ntchito yochiza maso. Kumeneko kumafika nkhalamba zodwala ng'ala, zotsogozedwa ndi adzukulu pa ndodo. Adokotala akachotsa ng'alayo, tsiku lomasula nsalu ya kumaso limakhala la chimwemwe chosaneneka. Gogo amayang'anitsitsa zikhato zake, nayang'ana nkhope ya mdzukulu, kenaka nayamba kutamanda Ambuye mokweza. Chimene iye akulira nacho misozi ya chimwemwe, inu ndi ine timachilandira m'mawa uliwonse osanena kanthu. Akuluakulu ananenadi zoona kuti chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Pa Luka 17:11-19 timawerenga za akhate khumi amene Ambuye Yesu anawachiritsa. Mmodzi yekha ndiye anabwerera kudzathokoza, ndipo Ambuye anafunsa za asanu ndi anayi aja. Funso limenelo likufikanso m'mabanja mwathu. Mtima wosayamika umadzala ndi madandaulo, ndipo ana okulira m'nyumba ya madandaulo amayamba kuyesa Mulungu ngati wowamana.

Tsono, makolo okondedwa, pa mapemphero a madzulo musanayambe kupempha, lolani kuti aliyense, ngakhale wamng'ono, atchule chinthu chimodzi chimene Mulungu wamchitira tsikulo: mvula, nsima, mutu umene wasiya kuwawa, mlendo wofika bwino. Inu achinyamata, yambani ndi kuthokoza amayi amene akuphikirani, pakuti wosathokoza munthu amene akumuona adzavutika kuthokoza Mulungu wosaonekayo. Tisadikire kuti mtendere uchoke kapena maso achite khungu kuti tidziwe mtengo wake. Tiyambe usiku uno.