Basi ya ku Joni Ikamadutsa pa Kameza

Madrasa yathu ili pafupi ndi msewu waukulu. Basi ya ku Joni ikamadutsa pa Kameza kulowera ku Mwanza, ana ena amaleka kuwerenga n'kuiperekeza ndi maso. Sitiwakalipira. Tikudziwa kuti bambo awo amawadziwira pa WhatsApp basi.

Akuluakulu athu a ku Mangochi ndi ku Makanjira amati anyamata a lero apeputsa ukwati: ndowa lero, mwezi wamawa ali ku Durban. Anyamata nawo amayankha kuti chikondi sichilipira lendi, nyanja yachepa nsomba, ndipo mahari, malata ndi fizi zimachokera ku Joni konko. Asungwana ena salolanso kudikira pakhomo pa mayi awo monga kale. Akudulitsa pasipoti yawoyawo.

Ife tili pakati, ndipo mbali zonse tazimvera. Kunena zoona, ulendowu sunayambe ndi ana athu. Agogo athu anapita kumigodi ndi Wenela, mpaka boma linaimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Nawonso ankasiya akazi ndi makanda. Koma iwo ankasaina kontirakiti yokhala ndi mapeto, ndipo mkazi ankawerenga miyezi. Wopita lero alibe tsiku lobwerera. Masiku olembedwa m'pasipoti akatha, amaopa kubwera kuti mwina sadzalowanso, ndipo chaka chimabala chinzake. Mukuru imafikitsa ndalama, koma siingagwire mwana dzanja kupita naye kumzikiti tsiku la Ijumaa.

Timaphunzitsa kuti Khalifa Umar, Allah akondwere naye, atamva mkazi wa msilikali akudandaula usiku, anaika malire a miyezi yoti msilikali akhale kutali ndi banja lake. Ngati nkhondo yeniyeni inali ndi malire, nanga ganyu wa m'sitolo?

Sitikuti anyamata asapite; wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo nafenso tadyapo za ku Joni. Pempho lathu likupita kwa ankhoswe ndi mashehe. Pomanga ndowa timakambirana za mahari mpaka kugwirizana. Tikambiranenso, mkwatibwi akumva, za nthawi imene mwamuna adzakhale kunja, ndi chimene chidzachitike nthawiyo ikadutsa. Akulu asamangodzudzula, achinyamata asamangokwera basi. Mwana uja woyang'ana kumsewu akhale ndi mwezi woti aziwerenga.