Dzina la pa Pepala ndi Dzina la Pakhomo

Mwana wa mlongo wanga ali ndi maina awiri. Loyamba analandira tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire, titamumeta tsitsi ndi kumuzingira mbuzi za aqiqah, ndipo ndi dzina la mmodzi mwa aneneri a Allah. Lachiwiri anapatsidwa tsiku loyamba Sitandade 1, malemu bambo ake ataganiza kuti mwana wa dzina la Chingerezi sadzavutika m'maofesi. Lachiwirilo ndi limene linalowa m'kaundula, n'kukhala pa masatifiketi a MANEB ndi pa chiphaso cha unzika. Ndi lomwenso tinalipeza pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba.

Malemuwo sindiwaimba mlandu. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kumene mantha awo anachokera. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo agogo athu ena anakaniza ana awo kulowamo poopa kuti abwerako atasiya Chisilamu. Amene analowa, ambiri anabwerako Yusufu ali Joseph, Daudi ali David, Mariamu ali Mary. Mlamu wanga anakulira m'mthunzi wa mbiri imeneyo, ndipo anachita zimene ankaona kuti zimutchinjiriza mwana wake.

Mnyamatayo atafika ku Zomba anauza anzake a m'chipinda, a m'kalasi ndi a kumzikiti kuti azimuitana dzina lake la aqiqah. Nditamva, mtima wanga unasangalala, pakuti achinyamata ambiri akafika pamalo otere amachita zosiyana: amadula dzina lawo la Chisilamu kuti limveke la m'tauni. Koma patapita miyezi iwiri anandiimbira foni usiku.

"Amalume, ndikufuna dzina la kusukululi lichokeretu. Ndiyamba kulemba langa lenileni pa mayeso ndi pa mafomu a ngongole. Ndipo la agogo lija nalonso ndilisiya, si la Chisilamu."

Ndinamuyankha kuti nkhani yotere siikambidwa pa foni. Lachisanu lotsatira ndinalawirira kukwera minibasi ku Mangochi, kudzera ku Liwonde.

Mbali ya mapepala inali yosavuta. Yunivesite imamudziwa munthu ndi nambala yake komanso dzina limene analembetsa. Ukalemba lina pa mayeso kapena pa fomu ya ngongole, wadziika wekha pa ntchito yokatsimikizira maofesi kuti anthu awiriwo ndi mmodzi, ndipo vutolo likhoza kukutsata mpaka tsiku lofunsira ntchito. Lamulo lili ndi njira yake yosinthira dzina. N'chifukwa chake timaona zidziwitso za anthu osintha maina m'manyuzipepala. Ndinamulangiza kuti ngati akufunadi, atsate njira imeneyo modekha, koma kufikira itatha alembe pa pepala dzina la pa pepala. Kutero si chinyengo, ndipo Chisilamu chake sichichepa nako.

Chimene chinandinyamula pakhomo, komabe, chinali dzina la agogo ake. Ndi dzina la Chiyao, lopanda tanthauzo loipa, la munthu amene anamwalira ali Msilamu ndipo tinamuswalira Janaza. Ndinamukumbutsa za Zayd ibn Haritha, amene anthu ankamutchula kuti mwana wa Muhammad chifukwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ndiye anamulera. Ndime yachisanu ya Surah Al-Ahzab itatsika, yolamula kuti anthu azitchulidwa ndi maina a abambo awo, Zayd anabwerera ku dzina la bambo ake omubereka. Ngati ulemu wotchulidwa mwana wa Mtumiki unayenera kupatukira dzina la Haritha, kodi dzina lachiarabu longotola m'buku lingachotse la agogo ako?

N'zoona kuti Mtumiki anasinthapo maina a anthu. Mkazi wina wotchedwa Asiya, dzina lotanthauza wonyoza malamulo, anamutcha Jamila, ndipo Barra anakhala Zaynab. Koma ankayang'ana tanthauzo, osati chilankhulo. Apa ndivomere kulakwa kwathu ife aphunzitsi a madrasa: timawaphunzitsa ana ubwino wa maina monga Abdullah ndi Abdurrahman, osawauza kuti dzina la makolo awo si tchimo. Mwina ine ndemwe ndinabzala maganizo amenewa mwa mwanayu, iye atakhala pamphasa yanga zaka zisanu ndi chimodzi.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati chimene chimamupweteka si chiphunzitso ayi, koma kuti mphunzitsi akaitana dzina la Chingerezilo m'kalasi, iye amazengereza kuyankha ngati aitana munthu wina. Pamenepo ndinalibe ndime yomuwerengera. Ndinangomuuza kuti pemphe aphunzitsi ake mwaulemu, mmodzimmodzi, kuti pomuitana pakamwa azitchula dzina limene iye amavomera. Ena avomera, ena adzaiwala. Ndinamuuzanso kuti dzina limene akudana nalolo analisankha ndi bambo ake, mwa mantha komanso mwa chikondi, ndipo asanapite nalo kwa a malamulo akayambe wakhala pansi ndi mayi ake.

Titatuluka mu Swala ya Jumu'ah, anyamata atatu anamukuwira cha kumsewu, onse ndi dzina la aqiqah, ndipo anatembenuka msanga. Chiphaso cha yunivesite chinali m'thumba la malaya ake. Za dzina la agogo sanayankhe tsiku limenelo, ndipo sindinamukakamize.

Pa tchuthi anabwera kumudzi. Mayi ake anamuonera patali akutsika panjinga ya kabaza, n'kumuitana dzina lachitatu, la paubwana, limene ankamutonthozera nalo ali kumsana. Anavomera.