BOTOLO LIMENE NDINAGULA PA GOLOMOTI

Lero ndikuulula kulakwa kwanga, mwina wina mwa inu ali panjira yomweyi.

Mwana wanga wamkazi ali ndi matenda a shuga, mtundu uja wofunika jekeseni ya insulin tsiku ndi tsiku, chifukwa thupi lake silipanganso yake. Kutentha kwa kuno ku Mua mukukudziwa. Kabotolo kake timakasunga mumtsuko, pamchenga wonyowa, kuti kasawonongeke. Kumuona akudzibaya m'mawa ndi madzulo kunkandiwawa mumtima.

Tsiku lina pamsika wa Golomoti bambo wina anandionetsa botolo lolembedwa kuti antioxidant. Amvekere, "Abusa, awa amatsuka magazi, za jekeseni muiwale." Ndinagula. Ndinalipempherera, n'kumuuza mwana kuti ayambe wapumira kubaya. Pofika tsiku lachitatu, ludzu losatha, kusanza, kupuma mwabefu. Usiku tinathamanga naye panjinga yamoto kuchipatala cha Mua ali lefuu.

Atatsitsimuka, adokotala anandiitanira pambali. Sanandikalipire ayi. Anati chimene chikanamupha ndi asidi amene amadzadza m'magazi insulin ikasowa. Ndinawaonetsa botolo lija. Iwo anandifunsa kuti, "Abusa, khasu mukalisiya pamvula limatani?" Ndinati limachita dzimbiri.

Mvetserani bwino apa, okondedwa. Thupi likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu pogwiritsa ntchito mpweya umene timapuma, pamatsala tizinthu tolusa totchedwa ma free radical. Thupi lili ndi alonda ake otigwira, ndiwo ma antioxidant. Koma shuga akakhala wokwera kwa nthawi yaitali, tizinthuti timachuluka kuposa alondawo. Madokotala amati oxidative stress. Ine ndimangoti dzimbiri la m'mitsempha. Limadya mwakachetechete timitsempha ta m'maso, ta mu impso, ta kumapazi. N'chifukwa chake ena maso amachita khungu, ena chilonda cha kuphazi osapola.

Ndiye dzina la pabotolo silinali labodza. Bodza linali lonjezo lija. Ma antioxidant tili nawo kale pakhomo: vitamini C ali m'malambe, m'magwafa, m'mandimu, ndipo bonongwe, nkhwani, chisoso ndi matimati zimawonjezera alonda m'thupi. Koma kwa mwana ngati wangayu, chotsitsa shuga ndi insulin basi. Kudalira botolo shuga ali m'mwamba kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudonthabe. Yambani mwafolera denga.

Insulin isanapezeke, mwana wodwala shuga wamtunduwu sankakhalitsa. Mu 1921 ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anaitulukira, ndipo mu 1922 odwala anayamba kulandira. Ndikufunseni, nzeru imeneyo anawapatsa ndani? Yankho la pemphero langa linali mumtsuko muja nthawi yonseyi, ine n'kumakalifuna pamsika.

Ndinapepesa kwa mwana wanga, ine bambo wake. Pano akubaya, akuyezetsa shuga, ndiwo zamasamba sizisowa pambale yake, ndipo wabwerera kusukulu.

Inu amene mukubaya, kapena mukusamala wodwala: pempherani, koma jekeseni musasiye. Aliyense wokuuzani kuti musiye, kaya wamalonda, kaya m'busa ngati ine, kafunseni kaye kuchipatala. Tumizirani uthengawu m'bale amene mukumudziwa kuti ali ndi shuga. Ambuye akudalitseni. Amen.