Mboni Ziwiri za ku Dahashna

Makolo athu kuno kunyanja, kuyambira ku Kande mpaka ku Usisya, amakumbuka kuti nthawi ya Kamuzu buku kapena filimu sizinkafika kwa anthu zisadadutse ku Censorship Board, bungwe lomwe lidabwera ndi lamulo la 1968. Sikuno kokha, abale ndi alongo. Ku Egypt nakonso alonda otere adalipo, ndipo mu 1969 adatsekereza filimu ina yomwe ife aphunzitsi a madrasa timaikonda.

Dzina lake ndi Shay' min al-Khawf. Hussein Kamal adaijambula kuchokera m'buku la Tharwat Abaza. Atris, mkulu wa zigawenga, adapanikiza mudzi wa Dahashna mpaka kutseka madzi othirira minda. Mtsikana Fouada ndiye adalimba mtima kukawatsegula. Atris atamfunsira ukwati, iye adakana. Bambo ake, pogwidwa ndi mantha, adapeza mboni ziwiri zonama kuti wavomera. Shehe Ibrahim adalengeza poyera kuti nikah yoteroyo ilibe mphamvu. Adamphera mwana wake, ndipo pa maliropo mudzi wonse udadzuka ndi miuni.

Ounika mafilimu adati Atris ndi Pulezidenti Gamal Abdel Nasser, Fouada ndiye dziko la Egypt. Nasser adaionera yekha nalamula kuti ituluke, ndipo lero imawerengedwa pakati pa mafilimu opambana a dzikolo.

Iwo ankasaka nkhope ya mtsogoleri. Ife tikamaionera, maso athu amakakamira pa bambo uja ndi mboni zake, chifukwa amenewo timawadziwa. Sadali anthu oipa ayi, adangoopa munthu wamphamvu. Shehe Ibrahimnso sadapeke lamulo latsopano: Khansa bint Khidham atadandaula kuti bambo ake amkwatiwitsa iye asakufuna, Mtumiki (SAW) adathetsa ukwatiwo.

Kwathu kuno Atris sanyamula mfuti. Amabwera ndi boti la injini, kapena ndi ndalama za ku Joni. Mtsikana amasowa m'madrasa sabata ziwiri, kenaka timamva kuti adavomera yekha, mwinanso asadakwane zaka 18 zomwe lamulo la 2015 likunena. Tikakumana ndi mboni zake ku mzikiti timazifunsa mwaulemu: kodi akuluakulu, mudamfunsa mwanayo bambo ake atatuluka panja?