ULENDO WA NDEKHA M'NKHALANGO CIPALE CISANAGWE

Inu owerenga a m'midzi, nonse mudziwa m'mene kunja kumakhalira zii mvula yaikuru ikakhala pafupi: mphepo imaleka, mbalame zimakhala cete, ndipo amai amathamangira kukanula ufa. Ku maiko ozizira nakonso iripo nthawi yotere, koma cimene cimadza ndi cipale cofewa. Cipale si matalala aja oboola fodya wathu ai. Ndi madzi oundana ndi cisanu, oyera ndi opepuka ngati thonje, ndipo cikagwa cimakwirira minda miyezi itatu kapena inai.

Ine ndinaziona izi ku Obihiro, pa cisumbu ca Hokkaido kumpoto kwa Japan, kumene ananditumiza kukaphunzira za ulimi. Pafupi ndi nyumba imene tinali kugonamo pali nkhalango ya maekala pafupi-fupi 1,000, imene eni mzindawo anayamba kubzala ndi manja ao m'caka ca 1975.

Tsiku lina Lamulungu, kuciyambi kwa December, wailesi inacenjeza kuti cipale cambiri cigwa usiku. Anzanga anakana kuturuka, tsono ndinapita ndekha. Ndisananyamuke ndinauza mlonda njira imene nditsate, ndi kuti ndibwera 3 koloko, cifukwa kumeneko mwezi umenewu dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

M'nkhalangomo nthaka inali gwa ngati njerwa, ndipo madzi a m'zithaphwi anali ataundana ngati galasi. Mitengo yambiri inali itayoyola masamba, monga icitira yathu m'cilimwe. Panalibe munthu, ndipo ndinali kumva mapazi anga okha. Kuona maso a nkhono nkudekha: nditaima kanthawi ndinaona gologolo ali kufukula zakudya zimene anakwirira masiku ofunda.

Nditafika m'mphepete mwa nkhalango ndinaona minda. Mbatatesi ndi nyemba zinali zitakololedwa kale, minda yolima-lima, mizere ya mitengo yochinga mphepo iri ndanda m'malire. Cobiriwira cinali tirigu yekha, wamfupi ngati kapinga. Tiriguyo amafesa mu September, amagona pansi pa cipale cimene cimamfunda ngati bulangete, ndipo amamweta kumapeto kwa July kapena mu August. M'minda monsemo munalibe mlimi ndi mmodzi yemwe. Sikuti ndi aulesi ai, koma nchito anali atatsiriza, pakuti adziwa kuti cipale cikatseka munda palibenso kupempha tsiku lina.

Pamene inali 2 koloko mitambo inatsika, kunja kunacita bii, ndipo mphepo inaleka. Ndinali pa mphambano, ndipo njira yopita mtsogolo inali yokongola kwambiri, kotero kuti mtima unafuna kuitsata. Koma abale anga, cipale cikayamba kugwa ndi mphamvu, njira ndi chire zimafanana, mapazi ako omwe amafafanizika, ndipo munthu wotopa akakhala pansi cisanu cimamgonetsa tulo tosadzuka nato. Woyenda yekha alibe womdzutsa. Ndinayang'ana wochi, ndi kubwerera pomwepo. Ndinafika pakhomo tizidutswa toyamba tiri kutera pa jekete langa, ndipo m'mawa mwace cipale cinali kulekeza m'maondo.

Ambiri a inu simudzaponda cipale, koma mumayenda nokha m'mapiri ciperoni ciri pafupi, ndiponso mumaoloka mitsinje mitambo itada kumtunda. Nyengo siigwera munthu mwadzidzidzi kawiri-kawiri. Imayamba yacenjeza, koma ife ndife timati ndingofika apo pokha. Cifukwa cace pocoka uzani wina kumene mukupita ndi nthawi yobwera, ndipo nthawiyo ikakwana bwererani ngakhale njira ikome cotani. Kubwerera si mantha. Nkhalango ndi phiri mudzazipeza pomwepo sabata yamawa, koma ana anu afuna kukuonani madzulo ano.