Makalata a Agogo Ochokera ku Joni

Anzanga, mukapita kwa agogo anu muwafunse ngati anasunga makalata akale. Agogo anga aakazi ku Nathenje ali nawo 9 m'kachitini. Ankawalembera ndi agogo aamuna pamene anali kumigodi ya golide ku Joni, komwe anapita kudzera ku Wenela. Iwowa sadziwa kuwerenga, ndiye kalelo ankawawerengera ndi mkulu wampingo. Panopa ndimawawerengera ndine.

Kalata iliyonse imayamba ndi za moyo: "Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko?" Kenako mafunso. Mwana uja chikuku chinamusiya? Amayi malungo aja bwanji? Ndalama zopitira kuchipatala ku Nkhoma zinafika?

Koma za ndale, ayi ndithu, mulibemo. Chonsecho nkhani zinalipo zazikulu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kutumiza anthu kumigodi mpaka 1977. Kalata ya chaka cha ngoziyo imangoti: "Zachitikazi mwamva. Tizingopemphera."

Nditafunsa chifukwa chake, agogo anati nthawi imeneyo inali ya chipani chimodzi. Kalata inkadutsa m'manja ambiri, komanso inkawerengedwa mokweza pakhonde, anthu akumva. Mawu amodzi okha akanatha kuika banja lonse m'mavuto.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ngakhale za moyozo sankanena zonse. M'makalata onsewo ndi imodzi yokha imene imatchula "kachifuwa ka fumbi". Koma atabwerako ankatsokomola usiku wonse, khasu linawakanika, ndipo chifuwa chomwecho n'chimene chinawatenga ine ndisanabadwe. Ndiye kuti za ndale ankabisa poopa boma, za matenda ankabisa poopa kuliza mkazi wawo.

Lero achimwene anga nawonso ali ku Joni. Za ndale amalankhula mosaopa pa WhatsApp, mpaka amayi amaseka akamamvera kumsika wa Mitundu komwe amagulitsa tomato. Koma akafunsidwa za m'thupi amangoti, "Ndili bho, osadandaula." Mawu ake ndi omwe aja a agogo, angosintha kavalidwe.

Ambirife pano tili ndi wachibale kunja. Akakuuzani kuti ali bwino, musathamangire kufunsa za ndalama ya fizi. Afunseninso kachiwiri: akudya? Akugona bwino? Kuchipatala anapitako liti?